Mchira wa Gologolo ndi Chipanda cha Mayere

Padangokhala, ndipo inu muzivomera kuti ndidziwe kuti tili limodzi. Kunali Gologolo, m'masiku amene nyama zinkalima mtedza n'kumasunga m'nkhokwe ngati anthu.

Gologolo ameneyu khasu ankadana nalo. Ankati likangomukhudza limamutulutsa matuza, ndipo fumbi la m'munda limamuwonongera mchira. Kunena zoona mchirawo unali mchira ndithu, wautali, wa ubweya wofewa, woti akauimika pabwalo atsikana ankaiwala zimene amayi awo awatuma. Munda analibe, nkhokwe analibe, chuma chake chonse chinali kumbuyoko. Vuto linali loti tsiku lililonse mimba inkafunsa zake.

Chaka china mtedza unabereka mochititsa mantha. Gologolo anakhala pa nthambi n'kumayang'ana anzake akusenza madengu, ndipo anazindikira chinthu chimodzi. Onsewo, ngakhale akhama enieni, ankalakalaka kupeza zinthu popanda thukuta ngati iye yemwe. Kusiyana kwake kunali koti iwo ankachita manyazi kunena.

Anatola chipanda chakale cha mowa, anachitsuka, n'kupita nacho pabwalo tsiku la msika.

"Abale anga, bwerani kuno! Ndani akufuna dengu la mtedza pa mtengo wa chikho chimodzi?"

Woyamba kufika anali Njiri, mlimi wamphamvu wa ana asanu ndi awiri, munthu wosachedwa kukhulupirira.

"Mwati bwanji achimwene? Dengu pa chikho?"

"Ndi mayere, a Njiri. Muthira chikho cha mtedza pamulu apa. Ndikupatsani kamtengo aka, mulumepo kuti mano anu adziwike, muponye m'chipanda. Onse akaponya ndikhutchumula, ndipisa dzanja, nditulutsa kamodzi. Mwini mano atenga mulu."

"Nanga kanga kakapanda kutuluka?"

"Mwataya chikho chimodzi chokha. Chikho n'chiyani kwa mwamuna ngati inu?"

Njiri anadzigunda pachifuwa n'kuthira. Enanso anatsatira, a mano akuluma, a milomo akujompha. Mtedza utaunjikana, Gologolo anaugawa pawiri onse akuona. Mulu wina anaukankhira kutsogolo, wina kumbuyo kwake.

"Nanga uwo ndi wa yani?" anafunsa Njiri.

"Ndi wa chipanda. Chipanda nachonso chimadya."

Njiri asanatsegulenso pakamwa, Gologolo anayambitsa nyimbo. Inali yaifupi koma yovinika. Iye ankatsogolera kuti lero wina apita kwawo atawerama ndi katundu, khamu n'kumavomera, aliyense akudziloza yekha kuti winayo ndi iye. Kumapeto kunali kamzere konena za mimba ya chipanda, koma pofika pamenepo aliyense ankakhala atatanganidwa ndi kudula chiuno. Gologolo anaika lamulo loti nyimbo izibwerezedwa katatu, chipanda chikukhutchumulidwa osapumira, kuti timitengo ta pansi tikwere, ta pamwamba titsike.

Tsiku limenelo anapambana Nkhwali. Anamunyamula pamapewa kuzungulira naye msika wonse, akazi akululutira. Otaya mtedza anabwerera kwawo mwakachetechete, ndipo palibe amene anawawerenga.

Tsono ndikuuzeni chimene chimandiseketsa ine pa nkhani imeneyi. Gologolo sankabera. Akanaberanji? Apambane Nkhwali, apambane Chule, mulu wa kumbuyo unkapita kumphako kwake msika uliwonse. M'dziko lonselo munalibe ntchito yachilungamo kuposa yake, ndipo munalibenso yonenepetsa ngati imeneyo.

Njiri anataya misika khumi yotsatizana. Atafika potapa mtedza wa mbewu, mkazi wake anamulandira ndi mthiko pamphuno. Anatuluka magazi akuchucha n'kulunjika kwa mfumu.

Mfumu ya dzikolo inali Nyalugwe, yokonda kutchena kuposa kuweruza milandu. Mikanda inali nayo, chipewa cha nthenga inali nacho, koma inkasowa litchowa, chija mafumu amagwira m'manja poingitsa ntchentche. Malitchowa onse amene ankaibweretsera inkati sakugwirizana ndi mawanga ake.

"Mfumu yanga, kagologolo kaja kakutidyera masuku pamutu," anadandaula Njiri atagwada.

Gologolo anaitanidwa. Atafika anaona kuti mfumu sikumuyang'ana kumaso. Maso ake anali kumbuyo kwa iye, pamchira.

"Ndamva kuti ukubera anthu anga."

"Ine, Mfumu? Zonse ndimachitira poyera, dzuwa likuswa mtengo."

"Tiona. Ndituma nduna zanga. Chinyengo chikapezeka, ngakhale chochepa ngati nsabwe, mchira uwo ndi litchowa langa."

Kuyambira tsiku limenelo Gologolo ankayenda ataukumbatira mchira wake ngati khanda. Ankachita mantha kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti mfumu ikafuna chinthu, mlandu suvuta kuupeza.

Msika wotsatira kunabwera Kadzidzi, nduna ya zamalamulo. Anafika masana, nthawi imene maso ake saona kanthu, koma zimenezo sakanavomera pagulu. Analowetsa mutu m'chipanda, unakakamira pang'ono, anausolola. Anachigogoda ndi mlomo n'kumvetsera ngati sing'anga. Atatopa anafufuza pokhala, n'kukhala pa mulu wa kumbuyo uja.

"Ichi ndakhalirachi n'chiyani?"

Pa mafunso onse a padziko, limeneli ndi lokhalo limene Gologolo sankafuna kuti lifike kwa mfumu.

"Ndi mpando wa woyang'anira, bwana. Mwambo wake ndi woti woyang'anira amatapako popita kwawo, kuti maso asatope."

Kadzidzi anapapasa mpandowo ndi zala.

"Ndi mwambo wabwino," anatero.

Kenako anaimirira n'kulengeza kuti chipanda chilibe mlandu. Koma pofuna kuteteza anthu osauka, anati, kuyambira lero chizimatidwa ndi phula timitengo tikalowa, chizitsegulidwa iye ali pomwepo, ndipo iyeyo azibwera msika uliwonse kudzalandira mphoto ya maso. Gologolo anawomba m'manja kuposa onse. Ya masoyo anaitapa pa mulu wa wopambana, wake osaukhudza. Nyimbo inaimbidwa katatu, anapambana Nungu.

Mbiri itamveka kuti mayere tsopano akuyang'aniridwa ndi nduna, khamu linachuluka kawiri. Njiri, yemwe uja anakadandaula, anabwera ndi zikho ziwiri.

"Pano ndiye zili bwino achimwene," anatero. "Zili m'manja mwa boma."

Mfumu sinakondwe. Inati ngati chipanda chilibe mlandu, ndiye kuti mlandu uli m'dzanja. Inatuma Nyani, mkulu wa asilikali. Ameneyu sanapereke ndi moni womwe. Anangogwira dzanja la Gologolo n'kulikweza m'mwamba kuti onse aone.

"Tizala iti timamva mano a abwenzi ake m'chipandamo. Musanditsutse, ine zakuba ndikuzidziwa bwino."

Khamu linayamba kung'ung'udza. Mlandu wotere ndi woipa, chifukwa palibe njira yosonyezera kuti zala zako sizimva. Gologolo anaona Nyani akuyeza mchira uja ndi maso, akusankha podula.

"Mwalasa, bwana!" anafuula. "Ineyo nkhani imeneyi yakhala ikundiwawa mumtima. Dzanja langa lichoke m'chipanda lero lomwe. Tipeze wosaona, wopanda bwenzi, wosadziwa aliyense pano."

"Woteroyo umupeza kuti?"

"Mwamuponda, bwana."

Anakumba pansi n'kutulutsa Mfuko, akuphethira timaso take tosaona, akufunsa ngati kunja kwagwa nkhondo. Mfuko ankakhala yekha kuuna, sankacheza ndi munthu, ndipo manja ake anali okhakhala ngati makasu, choncho anagwirizana kuti azitola kamtengo ndi pakamwa. Nyani anavomera, n'kuwonjeza kuti chipanda chizikhutchumulidwa ndi msilikali, ndiye kuti iye mwini. Pamulu wa wopambana panachokanso ya chitetezo ndi ya pakamwa pa Mfuko. Mphoto imene inayamba ngati dengu tsopano inkakwana m'lichero, koma nyimbo inali yomweyo, ndipo chiuno sichifunsa kukula kwa mulu. Anapambana Bilimankhwe. Njiri anataya zikho zitatu, n'kupita kwawo akutamanda chilungamo.

Nduna ziwiri zija zitabwerera zonenepa koma zopanda mchira m'manja, Nyalugwe anadzuka yekha. Anafika pamsika atavala mikanda yake yonse, nyama zikugwa chafufumimba mbali zonse.

"Ndipatse kamtengo."

Gologolo anapereka kamtengo. Mfumu inaluma mpaka kamtengoko kanatsala pang'ono kuduka, n'kukaponya m'chipanda.

"Tamvera bwino, iwe. Ine sindinagonjepo pa chilichonse m'dziko muno. Kanga kakapanda kutuluka, ndiye kuti wabera mfumu. Kakatuluka, pakati pa timitengo tambirimbiri chonchi, ndiye kuti wachita kukonza. Imba nyimbo yako."

Kadzidzi anamata phula, Nyani ananyamula chipanda. Gologolo anayamba kuimba. Ulendo woyamba mawu ankatuluka ngati a nkhuku yonyowa. Ulendo wachiwiri anali akuganiza. Asanayambe wachitatu anadzigwetsa pamapazi a mfumu.

"Mfumu, ndiloleni ndikunong'onezeni kanthu. Ndikuchita manyazi kukuonani mukudzichepetsa chonchi."

"Kudzichepetsa?"

"Kamtengo ndi ka anthu wamba. Woponya kamtengo amapambana kamodzi pa moyo wake, mwinanso osapambana. Koma alipo mmodzi pano amene amapambana msika uliwonse, mvula igwe, dzuwa liwale."

"Ndani ameneyo?"

Gologolo anasuntha pang'ono kuti mfumu ione mulu wa kumbuyo. Nyalugwe anauyang'ana, anayang'ana kamulu ka wopambana, n'kubwereranso pa woyamba uja.

"Zonsezi wakhala ukudya iwe?"

"Chipanda, Mfumu. Ndipo chipanda chotere sichiyenera kagologolo. Ine ndinkangokusungirani."

Nyalugwe sadya mtedza, zimenezo mukuzidziwa. Koma ankadziwa kuti wokhala ndi mtedza, odya mtedza amabwera okha pakhomo pake. Anatembenukira kukhamu nkhope itawala.

"Ana anga! Kholo silipikisana ndi ana ake. Chotsani kamtengo kanga. Kuyambira lero chipanda ichi ndi cha ufumu. Wina aliyense wopezeka akuchititsa mayere, ngakhale a timiyala kuseri kwa nyumba, aona zakuda. Ndipo zimene chipanda chizidya tidzamangira mlatho pamtsinje paja."

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Za mlathowo musandifunse, ine powoloka ndimavulabe malaya.

Gologolo anabwerera kwawo akuvina, mchira uli m'mwamba. Anapeza asilikali a Nyani akutulutsa dengu lomaliza m'mphako mwake.

"Abwana, umenewo ndi mtedza wanga!"

"Ndi wa chipanda," anayankha Nyani. "Unanena wekha. Chipanda chapita ndi mimba yake."

Mlungu woyamba Gologolo ankadzitonthoza kuti mchira ulipo. Mlungu wachiwiri anayamba kutola makoko. Mvula itagwa, anzake anali ndi pogwira, iye analibe ngakhale mzere umodzi. Akapempha pakhomo la munthu ankamuuza mwaulemu kuti akayese mwayi kumsika. Nthiti zinayamba kuwerengeka, ndipo tsiku lililonse la msika ankamva nyimbo yake ikuimbidwa ndi Nyani, molakwitsa, khamu likuvomerabe. Zinkamupweteka kuposa njala.

Ali chigonere pa nthambi tsiku lina, anaona nthaka ikutukumuka m'munda wa mbatata. Anali Mfuko, akutsata fungo pansi pa nthaka, osaphonya ngakhale phata limodzi. Gologolo anadzuka n'kukhala tsonga. Mfuko analibe maso, analibe bwenzi, koma mphuno anali nayo. Nduna zinafufuza chipanda, zinafufuza dzanja, koma za mphuno panalibe anaganizapo.

Munthu amene sanaberepo pa misika yonse ija anaganiza zobera kamodzi kokha. Anafukula kambatata, anakaotcha, anakabisa m'khwapa, n'kupita kumsika.

"Wabwera kudzatani?" inafunsa mfumu, itakhala pamwamba pa mulu wa chipanda.

"Kudzayesa mwayi, Mfumu."

"Chikho chako chili kuti?"

"Mtedza ndilibe. Ndiika mchira."

Nyalugwe ananyambita milomo n'kutembenukira kwa Kadzidzi.

"Malamulo akuti bwanji?"

Kadzidzi anatseka maso, anafufuza m'mutu mwake, n'kulipeza lamulolo lili pamwamba penipeni.

"Akulola, Mfumu."

"Mundipatse timitengo khumi," anatero Gologolo. "Kanga kakatuluka, nditenga mphoto ndi mchira wanga womwe. Kakapanda kutuluka, litchowa mwapeza."

Kamodzi kakanamukwanira, koma anapempha khumi kuti aoneke ngati chitsiru wamba chimene chikudalira kuchuluka. Analuma timitengo take, n'kumatipanira m'khwapa kamodzikamodzi ngati akusowa pogwirira, mpaka tonse titapakika mbatata. Anaponya. Kumbuyo kwake kunali Njiri, atawonda nayenso, ali ndi kamtengo kamodzi kokha.

Kadzidzi anamata phula. Nyani anakumbatira chipanda n'kuyamba nyimbo.

Ulendo woyamba Gologolo anavina kuposa aliyense, akudziloza pachifuwa ndi mtima wonse. Aka kanali koyamba kuti aimbe mbali ya ovomera, ndipo anadabwa kuti imakoma chonchi. Ulendo wachiwiri anamva phokoso la m'chipanda. Nyani ankakhutchumula ndi mphamvu za usilikali, timitengo tikukhulana, ta pansi tikukwera, ta pamwamba tikutsika. Miyendo ya Gologolo inaima yokha. Mbatata yootcha ndi yofewa, imapaka chilichonse chimene yakhudza.

"Basi, bwana! Zasakanizika, zakwana!"

"Lamulo ndi katatu," anatero Kadzidzi. "Munaliika ndinu."

Ulendo wachitatu unali wautali ngati chaka cha njala. Phula litamatulidwa, Mfuko analowetsa mutu. Anakhalitsa m'menemo, akununkhiza uku ndi uku.

"Koma lero!" anamveka mawu ake m'chipandamo. "Tonse tikununkhira bwino. Nditola kalikonse."

Anatuluka ndi kamtengo kokhala ndi mabowo awiri akuluakulu. Mano amenewo panalibe wosawadziwa.

"Njiri!" linafuula khamu.

Gologolo anatsegula pakamwa. Akanatha kuimitsa zonse. Akanangonena kuti mayere a lero asawerengedwe chifukwa m'chipanda mwalowa chinyengo. Koma akanamufunsa kuti wachilowetsa ndani, ndipo chilango cha chinyengo ankachidziwa. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, njira zonse ziwiri zinkathera pa chitsa chimodzi. Anatseka pakamwa.

"Mayere ayenda mwachilungamo," analengeza Kadzidzi. "Ndaona ndi maso anga."

Nyani anagoneka mchira uja pachitsa, nkhwangwa inatsika kamodzi. Gologolo analira ngati mwana, ndipo ine sindimuseka pamenepa, chifukwa chinthu chokhacho chimene anali nacho padziko chinali chimenecho. Ululu unalipo, koma chimene chinamuswa mtima n'choti mfumu itaugwedeza mchirawo pamaso pa anthu, unagwirizana ndi mawanga ake bwino lomwe.

Khamu linanyamula Njiri kuzungulira naye msika. Mphoto yake inali kansengwa kamodzi, kosafika ngakhale theka la mtedza umene anathira pamulu chiyambire, koma ankalira ndi chimwemwe, akufuula kuti mkazi wake adziwe lero kuti anakwatiwa ndi ndani. Atamutsitsa anaona Gologolo atakhala yekha pambali, akusuzumira kumbuyo kwake kumene kunalibe kanthu. Njiri anali ndi mtima wabwino. Anatapa mtedza wodzaza manja awiri n'kumuthirira pamiyendo.

"Pepani achimwene. Idyani aka mupezeko mphamvu. Musataye mtima, ine ndadikira nthawi yaitali bwanji? Msika ukubwerawu ndi wanu."

Gologolo anali asanadye masiku atatu. Anatola mtedza umodzi, anauswa, anaufikitsa pakamwa. Kenako anaubweza pa unzake, n'kuusonkhanitsa wonse mosamala.

"A Njiri," anafunsa chapansipansi, "mukuona ngati umenewu ungakwane chikho?"

Nthano yanga nayo yadukira pomwepa.